Kalata ya m'Kadirowa ka Makina

Lachiwiri, 4 Juni

Tabwerako ku chipatala chachikulu. Kabatani wagona m'basi ulendo wonse, malovu pa bulauzi yanga yabwino ija. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi koma kulemera ngati thumba la simenti. Sindikudandaula. Kale ndinkamunyamula ndi dzanja limodzi.

Ndilembe ndisanaiwale. Lero ndamva mawu amene ndawadikira chibadwire mwana wangayu.

Adokotala a magalasi, mayi aja amene akuchita kafukufuku wa matumbo, sanatilowetse m'chipinda chopimira cha masiku onse. Anatikweza pamwamba, ku labu. Kutiveka zikhothi zoyera, cha Kabatani chikukhwekhwereza pansi. Mpendero wake wosokedwa mwaulesi, ndinaona.

Chaka chatha anatitenga magazi, ine ndi mwana. M'magazi a mwanayo anatengamo maselo, tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso, n'kuwabweza ku ukhanda, pamene selo silinasankhe kuti lidzakhala fupa kaya khungu. Tsopano akuwanyengerera kuti asanduke mitsempha ya m'matumbo. Mitsempha yomwe ija imene Kabatani anabadwa alibe kumapeto kwa matumbo ake, imene imakankha chimbudzi kuti chituluke. Akuti tsiku lina adzatha kuibzala mwa mwana wodwala m'malo momudula. Osati chaka chino, osati chamawa, anatero, musayembekezere zambiri. Amasunga maselowo m'timbale, m'kabati yofunda ngati thupi la munthu. Bambo wina wa imvi amawamwetsa timadzi tofiirira tsiku ndi tsiku, ngakhale Lamlungu. Ati, "Awa ndi ana anga ena, mayi. Sandilola kudwala."

Ndinasuzumira pa chipangizo chawo choonera. Timizere tobiriwira, ngati ulusi wotayika pansi pa tebulo langa. M'kambale ka mwana wabwinobwino timayenda mpaka m'mphepete. M'kambale ka Kabatani timayenda pang'ono, n'kuima. Akuti ndi mmene zinachitikira ali m'mimba. Mitsempha imayambira kumtunda, kutsika ndi matumbo, ndiye yake inatopera panjira. Masabata oyambirira, ine siketi isanayambe n'komwe kundithina.

Ndinafunsa funso langa lija. La makina osokera, ngati ndiwo anamuvulaza ali m'mimba. 

Anavula magalasi. "Mayi, ngakhale mukanapalasa makinawo usana ndi usiku." Akuti apeza kachinthu kolakwika m'chibadwa cha mwanayo, mwa zimene munthu amatengera kwa makolo. M'magazi anga mulibe. Mulibe! Akuti mwina kanachokera kwa bambo ake, mwina kanangoyamba kokha, sangatsimikize popanda magazi a bambowo. Ine ndinamva mbali yoyambayo ndipo yandikwanira.

Anandipatsa kalata yoti ndikawapatse bambo a Kabatani, poti nambala imene achipatala ali nayo ndi yakale. Anafunsa ngati bambowo ali ndi ana ena, kapena ngati akuyembekezera. Ndinati sindikudziwa.

Bodza. Mkazi wawo watsopano, wa ku saluni uja, mimba ili pakhosi. Achira mwezi wamawa.

Lachinayi, 6 Juni

Masiketi a sukulu khumi ndi anayi, zipi zitatu. Singano yathyoka kawiri. Mutu suli pa ntchito.

Uli pa benchi lija, panja pa chipinda cha opaleshoni. Kabatani ali ndi masiku anayi, asanachitepo chimbudzi chibadwire, mimba ili ndwii, akusanza zobiriwira. Ine mabala osapola, kukhala chopendekera. Apongozi, pamaso pa manesi, mawu osatsitsa: "Kwathu kulibe zimenezi. Ndinakuuza usiye makina ako aja, iwe kupalasa mpaka mwezi womaliza. Wamupota mwana matumbo." Mwana wawo, mwamuna wanga, ali pomwepo, akuyang'ana nsapato zake. Nsapato ankazipukuta bwino, pamenepo sindingamunamizire.

Ndinakhulupirira. Ichi ndicho chimandiwawa kuposa zonse. Chaka chathunthu makina ndinawafunditsa nsalu, ndikadutsa pafupi kutembenuza nkhope. Zaka ziwiri za kathumba ka pamimba, chimbudzi chikutulukira pa kabowo kamene madokotala anaboola. Kumata, kumatula, khungu lofiira psuu, kuchapa m'mawa ndi masana. Apongozi kuima pakhomo osalowa, ati fungo. Chaka chachitatu bambo a Kabatani analongedza nsapato zawo zonse, ati akukapuma kwa amayi awo masiku ochepa.

Masiku ochepawo ndi ano.

Kalata sinamatidwe, ndaiwerenga kanayi. Ikuti bambowo abwere adzapimidwe. Ikutinso mwana wawo wina aliyense akabadwa, anamwino auzidwe za Kabatani, ndipo asatuluke m'chipatala asanachite chimbudzi choyamba chakuda chija. Akapanda kuchita, mimba ikatupa, akasanza zobiriwira, athamange naye.

Ndaiika m'kadirowa ka makina, pansi pa mabobini. Makina omwewo amene anawanamizira. Aisunge ndiwo.

Lamlungu, 9 Juni

Alamu abwera, mlongo wawo wa bambo a Kabatani. Yekhayo m'banja lija amene sanasiye kuponda pano. Abweretsa diresi loti ndilikuze m'chiuno. Ati lachepa pochapa. Eya, lachepa pochapa.

Kuyeza, mapini m'kamwa, ndinangoponya kafunso. Ngati kwawo kunakhalapo mwana wodwala m'mimba. Anadzidzimuka mpaka ndinaganiza kuti ndawabaya. Kenaka, motsitsa mawu ngati apongozi ali kuseri kwa chitseko: mwana woyamba wa apongozi, wamwamuna, anangokhala masiku asanu ndi limodzi. Mimba yotupa. Iwo anazimva kwa azakhali awo, panyumba sizitchulidwa.

Ndinalavula mapini m'manja kuti ndisawameze.

Ndiye kuti ankadziwa! Anaika m'manda mwana wa mimba yotupa, n'kudzakhala pa benchi lija, kundiyang'ana m'maso, kunena kuti kwathu kulibe. Mayi ameneyu! Zaka zisanu ndi chimodzi ndikudzitenga ngati chigawenga.

Alamu akuti mwana akabadwa, abale onse adzasonkhana kwa apongozi kudzamuona, poti Wasaluni akachirira kumeneko. Amalume, azakhali, a kutchalitchi, onse aja amene ankandinong'ona. Zikomo alamu. Simukudziwa chimene mwandipatsa.

Tsiku limenelo ndilo. Osati pafoni, osati pamsewu. Pabalaza pawo, pa mipando yawo yokutira mapulasitiki ija. Ndidzawerenga kalatayi mokweza, liwu ndi liwu, kenaka ndidzafunse za mwana wa masiku asanu ndi limodzi. Andiona.

Lachitatu, 12 Juni

Ndagula nsalu. Yofiira, yolemera, yogwa bwino. Wogulitsa ati, "Ukwati wa ndani, atelala?" Ndati wanga.

Zaka khumi ndi zisanu ndili pa utelala, sindikumbuka tsiku lomaliza limene ndinadzisokera chovala. Ndadziyeza ndekha pa galasi. Ndaonda m'mapewa. Manja aatali, khosi lotseka, ndisaoneke ngati ndabwera kudzapempha mwamuna. Thumba limodzi lobisika kumanja, la muyezo wa kalata. Ndayeza kalatayo ndi tepi.

Podula ndikuyeserera mawu. "Amayi, mukundikumbuka? Ndine uja wopota matumbo." Ayi, zachibwana. "Ndabwera ndi uthenga wa adokotala." Bwino, mofatsa, ndi ulemu wonse, nditagwada kumene. Ulemuwo ndiwo udzawabaye.

Kabatani akufuna lamba wa m'tsitsi pa zotsala. Ndamulonjeza.

Lachisanu, 14 Juni

Foni ya ku chipatala, nesi wa kafukufuku uja. Kufunsa za mimba ya Kabatani, ngati ndikumupatsabe mankhwala ofewetsa. Kenaka, "Kalata ija munapereka, mayi?"

Ndati ndinapereka.

Ati zikomo, mwachita bwino, ambiri zimawavuta.

Si bodza lenileni. Ndipereka. Mwana sanabadwe, kwatsala masabata atatu kaya anayi. Ndipo adokotala ananena okha kuti si mwana aliyense amatengera, ena amabadwa bwinobwino. Bambo akewo si awo akuyendawa, kudya chilichonse, mimba yosavuta? Komanso ndani anandichenjeza ine? Ndani anandilembera kalata?

Masiketi a sukulu ndamaliza. Imodzi yabwerera, ndinaika zipi mozondotsa. Sizinandichitikirepo.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndawaona. Pa sitolo ya mankhwala, ndikugula magolovesi. Atatu onse. Wasaluni pakati, mapazi otupa m'masilipasi, dzanja pamsana. Ndi mwana ndithu, nkhope yake sinaonepo kanthu. Bambo a Kabatani kumbuyo, nsapato zikuwala.

Apongozi atamunyamulira chikwama. Chikwama! Ine ndili ndi pakati ndinkawanyamulira chawo.

Wasaluni ndiye anandiona poyamba. Kumwetulira, kupinda mawondo pang'ono ndi mimba yonseyo. "Amayi a Kabatani, muli bwanji? Mwana ali bwanji?" Ngati akufunadi kudziwa. Zinandisokoneza. Ndinakumbuka kadirowa. Panafika kamphindi kamene ndikanatha kunena kuti, bambo, mudutse kunyumba, pali kalata yanu.

Apongozi anamukoka pamkono. Sanandipatse moni. Ndinamva bwinobwino akumuuza, "Usamaime pafupi, uli ndi pakati iwe."

Ngati ndine matenda.

Chabwino, amayi. Ndafika kunyumba, ndalumikiza manja onse awiri a diresi osadya n'komwe. Msoko wowongoka ngati wa m'fakitale.

Lachisanu, 21 Juni

Aphunzitsi anditumizira uthenga masana, ndipite ndi zovala zina. Kabatani wadziipitsira m'kalasi. Sazindikira zikamabwera, kuyambira pamene anamulumikiza matumbo zimachitika apo ndi apo. Ndinamupeza kuseri kwa zimbudzi, juzi atamanga m'chiuno, osalira. Bola akanalira. Anzake amupatsa dzina. Wakana kundiuza.

Pomusambitsa, zipsera ziwiri zija pamimba. Ati, "Amama, timizere tanga tobiriwira tija tikafika kumapeto, adzandiika?" Ndati adzakuika. Nalonso bodza mwina. Masiku ano mabodza akundituluka ngati ulusi pa bobini.

Bambo ake sadziwa kuti mwana wawo ali kalasi yanji. Agogo ake sanamugwirepo pamimba. Ndikufuna amve kuwawa. Ndikulemba poyera, ndani awerenge? Ndikufuna apongozi agwe nkhope pamaso pa anthu, asowe poyang'ana, akhale ndi usiku umodzi wokha ngati mausiku anga. Mulungu andikhululukire kapena asandikhululukire.

Diresi latsala mpendero ndi mabatani.

Lolemba, 24 Juni

Wasaluni wachira. Lero m'mawa, masabata awiri nthawi isanakwane. Mwamuna. Alamu aimba akuseka, ati wafanana ndi bambo ake mphuno. Ku kachipatala kakang'ono ka pafupi ndi kwa apongozi. Mabedi ochepa, awatulutsa madzulo ano.

Madzulo ano. Kalata ikuti asatuluke asanachite chimbudzi.

Ndinatsegula kadirowa. Ndinatsekanso. Mwina wachita kale, ana ambiri amachita tsiku lomwelo. Ndikanafunsa alamu, koma munthu umayamba bwanji kufunsa za matewera a mwana wa mkazi mnzako?

Abale asonkhana Lachinayi. Masiku atatu okha. Palibe chimene chingachitike m'masiku atatu.

Ndikudziwa bwino chimene chingachitike m'masiku atatu.

Lachitatu, 26 Juni

Alamu aimbanso masana. Osaseka. Mwana sakuyamwa bwino, akungolira, akabweza mkaka ukuoneka wachikasu. Thewera louma mbali inayo chibadwire. Apongozi akumusisita mimba ndi mafuta, ati ndi mpweya chabe. Ndipo ayamba kale. Ati ndi mankhwala a tsitsi aja amene Wasaluni ankapuma ku ntchito ali ndi pakati. Ati anamuuza asiye, iye osamva.

Ndinaseka. Ndithu ndinaseka, mokweza, alamu mpaka kufunsa ngati ndili bwino. Dzulo makina, lero mankhwala a tsitsi. Mkazi wachitatu adzakhala wogulitsa tomato, adzati tomato.

Alamu ati, "Inu munaziona izi, mlamu. N'chimodzimodzi?"

Ndinayankha kuti, "Kaya. Funsani amayi anu, paja za matumbo amazidziwa ndiwo." N'kudula foni.

Ndamaliza mpendero wa diresi. Ndasoka mabatani asanu ndi limodzi. Ndasita. Lapachikidwa pachitseko, lokongola kuposa chilichonse chimene ndinasokerapo munthu. Mawa saa 10 koloko anthu akhala atadzaza. Ndi usiku umodzi wokha. Kabatani anafika masiku anayi ndipo ali moyo.



Lachinayi, 27 Juni

Ndili pa benchi. Lomwe lija, angolipaka utoto wina. Kabuku kali pa bondo, ndikulemba kuti manja apeze chochita.

M'mawa, ndikumukonzekeretsa Kabatani, ati, "Amama, mchimwene wanga ali ndi mimba ngati yanga?" Anamva foni ya dzulo. Ndinati vala nsapato tichedwa. Ndinamusiya ku sukulu, kubwerera, kuvala diresi. Inde ndinalivala. Kudzola, kupesa, kalata m'thumba lake. Ndinadikira mpaka nthawi imene ndinakonza. Ndisadzadzinamize pambuyo pake kuti ndinathamanga.

Pabalaza podzaza monga ndinkafunira. Amalume, azakhali, amayi a kutchalitchi, makapu a tiyi. Onse anacheuka nditalowa. Apongozi maso pa diresi, kuchokera kukhosi mpaka kumpendero. Ndinagwada. Ndinayamba, "Amayi, ndabwera ndi uthenga."

Ndiye kuchipinda kunamveka kulira kuja. Si kulira kwenikweni. Kamawu kotopa, kodukaduka. Ndimakadziwa. Thupi langa linakadziwa ine ndisanaganize, ndinangopezeka ndaimirira, ndadutsa pakati pa miyendo ya anthu, ndakankha chitseko.

Wasaluni pa mphasa, maso otupa. Mwana pa miyendo. Ndinamuvundukula osapempha. Mimba ili ndwii, yonyezimira, timitsempha tikuoneka. Pa shawelo banga lobiriwira. Thupi lotentha. Fungo lija.

Mawu onse amene ndinayeserera masabata atatu, balala. Ndinangokuwa kuti takisi, tsopano, chipatala chachikulu osati kachipatala kanu kaja. Apongozi pakhomo, ati ndani wakuitana, tuluka m'nyumba mwanga. Ndinawadutsa ndi phewa, mwana ali m'manja mwanga. Wasaluni ananditsatira wopanda nsapato. Bambo a Kabatani anathamanga kukaimitsa galimoto. Koyamba kuwaona akuthamanga.

Kuno adokotala a ana, bambo wamtali wotopa, kugogoda kamimbako ndi chala. Kufunsa ngati m'banjamo munakhalapo matenda a matumbo. Apongozi anali atafika ndi alamu. Anayankha msanga, asanatsegule pakamwa wina aliyense.

"Kwathu kulibe zimenezi."

Mawu omwewo. Khonde lomweli.

Ndinatulutsa kalata. Sindinakuwe. Ndinati, adokotala, mwana uyu ali ndi mlongo wake, bambo mmodzi, anachitidwa opaleshoni muno. Ndipo amayi awa anataya mwana wawo woyamba ali ndi masiku asanu ndi limodzi, mimba yotupa. Adokotala anawerenga mofulumira, kuitana manesi, mwana kumutenga, chitseko kutsekeka.

Apongozi anakhala pansi. Osati pa benchi, pansi penipeni, pa simenti, miyendo tambalale. Mpango unagwa osautola. Amalume ndi azakhali anali atafika, onse anamva. Mwana wawo akuwayang'ana, ati, "Amayi, n'zoona?" Iwo osayankha iyeyo. Anayankha khoma. Ati, "Anati ndinamugonera ali m'mimba. Apongozi anga. Anati ndimagona chafufumimba ngati mwana."

Ndi zimenezotu. Ndazipeza zonse zimene ndinkafuna, ndi zoonjezera. Ndinadikira kuti mtima ukhale pansi. Ndikudikirabe.

Mwana ali mkati, ola lachitatu tsopano.

Lachisanu, 28 Juni

Watuluka wamoyo. Thumbo linali litaboka, zoipa zitayamba kutayikira m'mimba. Amudula, amuboola kabowo pamimba ngati Kabatani. Ali m'kabokosi kagalasi, mapaipi m'mphuno. Adokotala amtali aja akuti masiku atatu akubwerawa ndiwo anene. Ananenanso, osayang'ana munthu, akuvula magolovesi, kuti akanabwera Lachiwiri sakanafika pamenepa.

Sindinalembe dzulo chimene chinachitika pambuyo pake. Dzanja linakana.

Nesi anabweza kalata, anaipereka kwa Wasaluni poganiza kuti ndi yake. Iye anakhala nayo pa benchi, kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Pamene ikunena za chimbudzi choyamba anawerenga kawiri. Anafika kumapeto. Kenaka chala chinabwerera pamwamba, pakona, pamene pali chidindo ndi tsiku.

Sanakweze mawu. Bola akanandimenya. Ati, "Amayi a Kabatani, apa alemba 4 Juni."

Ndinati inde.

Ati, "Tinakumana ku sitolo ya mankhwala. Ndinakupatsani moni."

Ndinayang'ana pansi. Nsapato zanga, zopukuta bwino.

Ndawerenga pa kalendala ndi choko chosokera. Masiku makumi awiri ndi atatu. Zaka zonsezi ndinkafuna dziko lidziwe kuti sindinapweteke mwana. Ladziwa. Kabatani sindinamupweteke. Uyu ndiye ndamupweteka, makina ali phee, mapazi anga onse ali pansi.

Nesi wa kafukufuku waimba kawiri. Adokotala a magalasi amva, mwanayo ali m'chipatala chawo chomwecho. Sindinayankhe. Ndidzawauza chiyani? Kuti ndinkadikira mabatani?

Kabatani wafunsa lamba wake wa m'tsitsi.

Lamlungu, 30 Juni

Kutentha kwatsika pang'ono. Kabowo kayamba kugwira ntchito. Alamu ndiwo akundiuza, mawu ouma, osanditchulanso mlamu.

Aimbanso tsopano apa. Kathumba kakukana kumata. Mimba ndi yaing'ono, matumba amene alipo ndi aakulu, kakungodontha, khungu layamba kufiira. Manesi awiri okha wodi yonse, alibe nthawi yokhala pansi kuphunzitsa munthu. Wasaluni akuopa kumugwira mwana wake yemwe.

Ine ndimadziwa. Umadula bowo ndi sizasi yaing'ono yokhota, kuyeza kaye pa pepala. Umafunditsa kathumbako m'manja kuti guluu afewe. Khungu liume gwa, osapukuta, kungogunditsa. Kenaka kansalu kofewa pansi pake kuti pulasitiki isamadye khungu. Palibe anandiphunzitsa, zinanditengera miyezi itatu ndi misozi.

Alamu ati uthenga ndi wa Wasaluni mwiniwake, ndipo anawauza aunene mmene ulili. "Muwauze abwere adzandionetse. Koma asandilankhule."

Ndati ndamva.

Pepala la muyezo la nthawi ya Kabatani ndalipeza, linali pansi pa kadirowa komweko, lachita chikasu. Nsalu yofiirayo ndi yolimba, siingakhale pa khungu la khanda, koma mkati mwa diresi ndinaikamo yofewa, ya thonje, yabwino kwambiri imene ndinali nayo. Ndasomola msoko wonse. Mwatuluka tinsalu khumi ndi tiwiri, ndi lamba mmodzi wa m'tsitsi.

Sizasi ili m'chikwama. Basi ya 2 koloko. Ndiyenera kumuonetsa ndi manja okha, ndiye ndakhala ndikuyeserera pa chidole cha Kabatani, pakamwa nditatseka.